Deku anachoka yekha, anzake anakamutenga: ngwazi ndi ndani apa?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Dzulo usiku ndatsiriza buku la 42 la My Hero Academia, lomaliza lenileni. Ndinayamba kuwerenga manga (nkhani ya zithunzi ya ku Japan) imeneyi ndili Fomu 3 pa foni ya achimwene anga, lero ndine mayi wa mwana mmodzi, ndiye mukuona nokha kuti nkhaniyi ndakula nayo. Amene simunafike kumapeto tulukani kaye, pano tiulula zonse.

Chimene chandikhala pamtima si nkhondo yomaliza ayi. Ndi paja Deku, mnyamata mwini nkhaniyi, anachoka pa sukulu ya ngwazi ya U.A., n'kusiyira anzake a kalasi ya 1-A makalata, ati popeza zigawenga zazikulu All For One ndi Shigaraki zikusaka iyeyo, akakhala pafupi ndi anzake awaphetsa. Mwana wa zaka 16 akuyenda yekha mumvula m'mizinda yophwasuka, osagona, osadya, zovala zili bii ndi matope ndi magazi, mpaka anthu amene akuwapulumutsa akumuopa ngati chigawenga. Kale ndinkati pamenepo ndiye pachimake pa ungwazi wake. Dzulo ndabwereza machaputala amenewo, ndaona kuti wolemba wake, Kohei Horikoshi, sankamutama mwanayo. Ankationetsa munthu wodwala. Ndiye ndifunse: pakati pa Deku amene anachoka yekha ndi ana 19 amene anakamugwira n'kumubweza, ngwazi ndi ndani?

Fatsani: Iii ine ndili pa mpikisano wa masewera wa pasukulu uja, Todoroki sanayambe n'komwe kugwiritsa ntchito moto wake. Ndatuluka, ndibwera ndikawerengako.

Pilirani: Achemwali, musamulande Deku chake. Kumbukirani chaputala choyamba. Bakugo, mnzake wa m'kalasi wa Deku, wagwidwa ndi chigawenga chamatope chija, akubanika. Ngwazi zolipidwa zaima pambali kudikira wina amene mphamvu yake ingathandize. All Might mwini wake, ngwazi yaikulu ya dziko lonse, ali m'gulu la anthu oonerera chifukwa maola atatu amene amatha kugwiritsa ntchito mphamvu zake patsiku atha. Amene anathamanga ndi Deku, mwana wopanda Quirk (mphamvu yapadera yobadwa nayo), ali ndi chikwama cha mabuku basi, kukapulumutsa munthu amene tsiku lomwelo anamuuza kuti akadzigwetse kuchokera padenga. Miyendo inanyamuka yokha mutu usanaganize. All Might anamupatsa mphamvu yake yotchedwa One For All chifukwa cha chimenecho. Mtima umenewo ndi womwewo unamuchotsa pa U.A. Simungaukonde pa chaputala 1 kenako n'kuutcha matenda pa chaputala 300 n'zakuti.

Tadala: Ndi womwewo, sindikukana. N'chifukwa chake zikundiopsa. Pa chaputala 1 All Might akanapanda kulowererapo, tikanakhala ndi maliro awiri m'malo mwa amodzi.

Pilirani: Koma All Might analowererapo chifukwa anachita manyazi ataona mwanayo. Popanda Deku kuthamanga, Bakugo akanafa anthu akuyang'ana.

Thokozani: Ndilankhuleko ngati nesi. Ine chimene ndinkalephera kupirira m'manga imeneyi ndi manja a Deku. Horikoshi amawajambula mosabisa, zala zopindika, khungu lofiirira ngati lapsa, zipsera zosachoka. Pa mayeso olowera U.A. anathyola dzanja ndi miyendo yonse iwiri kuti apulumutse Uraraka ku chiloboti chachikulu chija. Sanapeze pointi ngakhale imodzi yogonjetsa maloboti, anakhoza ndi mapointi 60 opulumutsa anthu. Bakugo anapeza 77 a kumenya okhaokha, a kupulumutsa ziro. Ndiye taonani chimene mwana anaphunzira pa tsiku lake loyamba: ukadziphwanya thupi, akuluakulu amakuombera m'manja, amakutsegulira geti.

Kuchokera pamenepo sanasiye. Kumsasa wa kunkhalango kuja, polimbana ndi Muscular pofuna kuteteza kamwana kaja Kota, anawononga manja onse awiri mpaka dokotala anamuchenjeza kuti akachitanso zotere kawiri kapena katatu manjawo adzasiya kugwira ntchito. Recovery Girl, nesi wa pasukulupo, anali atanena kale kuti sazimuchiritsanso mabala odzipweteka dala. Mayi wachikulire ameneyu ndiye anayamba kuona vutoli, koma owerenga ambiri tinkamuona ngati gogo wolongolola.

Kuchipatala timawaona anthu otere. Mayi amene wasamala odwala onse a pamudzi koma chotupa chake wachisunga zaka zitatu osauza munthu. Akamafika kwa ife kwatsala n'kupepesana.

Pilirani: Anesi, koma anaphunzira. Si paja anayamba kumenya ndi miyendo, Shoot Style ija, kuti asunge manja?

Thokozani: Anasintha chiwalo chopweteka, achimwene, sanasinthe maganizo.

Kondwani: Moni nonse, ndinali m'kalasi. Ine ngati mphunzitsi funso langa lili pa akuluakulu. Ana awa analowa U.A. ali ndi zaka 15. Chaka chimodzi chisanathe aukiridwa ku USJ, malo a sukuluyo ophunzirirako kupulumutsa anthu, Iida ndi Deku ndi Todoroki akumana ndi Stain, wopha ngwazi, mumzinda wa Hosu, Bakugo wabedwa kumsasa, ena alowa m'nyumba ya gulu la zigawenga la Overhaul, kenako nkhondo yeniyeni. Ndikamaona ana anga a Fomu 2, amene ena mawu sanakhwime, n'kuganiza kuti msinkhu umenewu ndi umene akuutumiza kutsogolo, thupi limachita tsembwe.

Munthu mmodzi amene anayankhula za nzeru ndi amayi ake a Deku, a Inko. All Might atabwera kunyumba kudzapempha kuti mwana akakhale kumahositelo a sukulu, mayiwo anakana pamaso pa ngwazi yaikulu ya dziko lonse, ati sangapereke mwana wawo kusukulu imene ikumubweza ali wothyokathyoka. All Might anagwada mpaka chipumi pansi, nalonjeza kuti amuteteza ngakhale atataya moyo wake. Mayi aja anakananso chimenecho. Anamuuza kuti asataye moyo, akhale ndi moyo kuti amulere mwanayo. Kwa ine tsamba limenelo ndi msana wa nkhani yonse. Ku dziko limene aliyense akulonjeza kufera mnzake, mayi wopanda udindo uliwonse akupempha kuti wina alonjeze kukhala moyo.

Tadala: Aphunzitsi mwandikumbutsa. Ndipo ndi mayi omwewo amene Deku ali ndi zaka 4, dokotala atanena kuti alibe Quirk, anangomukumbatira akulira n'kumapepesa. Tsopano poti ndili ndi mwana ndimawamvetsa kwambiri. M'dziko limene anthu 80 pa 100 aliwonse ali ndi mphamvu inayake, wako yekha alibe, umayamba kudziimba mlandu.

Mabvuto: Ndikuwerenga zonse ndili chete kuno ku Chipata. Aphunzitsi, tisaiwale kuti iyi ndi manga ya Weekly Shonen Jump, magazini ya Shueisha imene inayamba mu 1968, ndipo owerenga ake oyamba ndi anyamata a sukulu. Mfundo zake zodziwika ndi zitatu, ubwenzi, khama ndi kupambana. Mwana wa zaka 14 ku Osaka sangagule magazini yoti akuluakulu ndiwo akumenya nkhondo iye ali m'kalasi kulemba notsi. Ana ali kutsogolo chifukwa nkhaniyo ndi yawo. Tikayamba kufunsa kuti makolo anali kuti, ndiye titaya manga zonse.

Kondwani: Zoona a Mabvuto, ndipo m'manga zina sindifunsa. Koma Horikoshi ndi amene anayambitsa funsoli yekha. Anatiikira atolankhani akupanikiza sukulu Bakugo atabedwa, mphunzitsi wawo Aizawa atavala suti akupepesa pa TV. Anatiikira Hawks, amene bungwe loyang'anira ngwazi linamutenga ali kamwana n'kumulera kuti adzakhale chida chawo. Anatiikira Lady Nagant, amene bungwe lomwelo linkamutuma kupha anthu mwachinsinsi kuti dziko lizioneka loyera. Wolemba amene amaika zinthu zotere akufuna kuti tifunse.

Limbani: Pepani ndalowa mochedwa, ndimachokera kuntchito. Ndilemba zambiri pang'ono, mundipirire.

Ine ndine woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Bambo atamwalira ndinasiya sukulu ndili Fomu 4, ndinabwera kuno ku Johannesburg. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Fizi ya azing'ono anga, feteleza wa amayi, malata a nyumba, matenda, maliro, zonse zimadutsa pa foni yanga. Chaka chatha ntchito inatha miyezi inayi. Sindinauze munthu kumudzi. Ndinkagona pansi kwa mnzanga, kudya kamodzi patsiku, koma mwezi ukatha ndinkakongola n'kutumiza monga mwa masiku onse. Akaimba foni ndinkati zonse zili bwino.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinawerenga machaputala amene achemwali a Tadala akunena. Pali paja All Might, atafooka kale, akuyenda pagalimoto kumutsatira Deku atamutengera chakudya m'kabokosi. Deku akuti ali bwino, asamutsatenso, n'kuuluka. All Might akuthamanga kumuitana, akugwa, chakudya chija chatayika pansi mumvula. Abale, ndinazimitsa foni. Chifukwa mawu oti "ndili bwino" amenewo ndinkawanena tsiku lililonse, ndipo ndinkadziwa kuti mkati mwake mulibe ungwazi. Muli mantha oti ukangoonetsa kutopa, anthu amene akudalira iwe agwa. Mulinso kunyada kobisika, koganiza kuti palibe wina angasenze katunduyo.

Ndiye a Pilirani, ine ndikugwirizana ndi achemwali. Deku wa nthawi imeneyo ndikumudziwa, ndipo sanali bwino.

Thokozani: A Limbani, zikomo pouza gulu. Panopa zinthu zili bwanji?

Limbani: Ntchito ndinapeza ina, anesi. Koma kumudzi mpaka lero sakudziwa za miyezi inayi ija.

Pilirani: Aise, pepa kwambiri. Sindimadziwa. Sindikutsutsa zimene wadutsamo. Koma ndifunse moona mtima: ukanapanda kutumiza, mng'ono wako akanalemba mayeso? Nthawi zina munthu amasenza yekha chifukwa palibedi wina.

Limbani: Mwina sakanalemba. Koma wachiwiri wanga ali ndi zaka 24, amachita geni ya matimati ku Lunzu. Akanatha kuthandiza miyezi imeneyo. Sindinamupatse mpata. Ndinamuyesa mwana ngati mmene Deku anayesera anzake.

Tadala: Pamenepo ndi pamene Bakugo anapsera mtima. Anamufunsa Deku ngati tsopano poti ali ndi mphamvu zambiri anzake akuwaona ngati anthu wamba ongodzaza malo. Ndipo iye ndi amene anali atanena kale kuti vuto la Deku ndi loti podziwa kuwerengera anthu ofunika kupulumutsidwa, iye mwini sadziikamo. Anadzudzulanso akuluakulu posiya Deku ndi All Might awiriwiri, popeza onse ndi a mtima umodzi, palibe angaletse mnzake.

Ndipo taonani mmene anamugwirira. Palibe mmodzi akanamupeza liwiro. Anachita kugwirizana, Todoroki wapanga njira ya ayezi, Uraraka wachotsa kulemera, Bakugo waphulitsa, ena akankha, kuti Iida yekha afike n'kumugwira dzanja. Ndipo Iida anamubwezera mawu amene Deku anamuuza ku Hosu, paja Iida anapita yekha kukabwezera Stain chifukwa chopundula mkulu wake Tensei: kuti kulowerera pamene sunaitanidwe ndiye ungwazi. Ngongole ya machaputala oposa 250 inabwezedwa pamenepo. Atafika naye kusukulu sanamupatse mendulo. Anamusambitsa, n'kumusiya agone pa sofa.

Chikondi: Ine ndadikira kuti mufike pa Bakugo. Ndinene mosapsatira: kupepesa kwake pa chaputala 322 sikunandikwanire. Munthu wazunza mnzake kuyambira ali ndi zaka 4 mpaka 14. Anamupatsa dzina loti Deku, lotanthauza chidole chamtengo chopanda ntchito. Anamuwotchera kope lake n'kuliponya pawindo. Anamuuza zodzigwetsa padenga zija. Ine ndinazunzidwapo ku sukulu yogonera komweko, ndikudziwa kuti zaka khumi sizifufutika ndi kuwerama kamodzi mumvula. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti Deku sanakwiyepo. Nkhaniyi ikuphunzitsa ana ozunzidwa kuti ukapirira n'kumamusirira wokuzunzayo, tsiku lina adzakhala mnzako wapamtima. Ambiri sasintha.

Pilirani: Apa ndiye ndilimbana nanu achemwali. Bakugo sanapepese ndi pakamwa pokha, ndipo iye mwini ananena kuti kupepesako sikusintha kanthu pa zimene anachita. Asanapepese anali atayamba kale kulipira. Ankathandiza Deku kuphunzira mphamvu zatsopano za One For All. Pa chaputala 285 anamukankha Deku n'kulasidwa iyeyo ndi Shigaraki, thupi litanyamuka lokha ngati mmene Deku anachitira pa chaputala 1. Popepesa anamutchula dzina lake lenileni, Izuku. Ndipo anaulula chifukwa chake: kuyambira tsiku lija anagwera mumtsinje ali ana, Deku n'kumutambasulira dzanja, ankaona kuti mwana wopanda mphamvuyu ali ndi china chimene iye alibe, ndipo chinkamuopsa.

Komanso kumbukirani ku Kamino, kumene zigawenga zinamusunga Bakugo zitamuba. Popita kukamulanditsa, Deku ankadziwa kuti Bakugo sangalandire dzanja lake, ndiye anakonza kuti Kirishima ndiye aitane. Kuchoka pa munthu amene sangagwire dzanja la Deku ngakhale ali pakamwa pa imfa, kufika pa munthu amene pa chaputala 430 akutambasulira Deku dzanja lake, ulendo umenewo ndi wa zaka khumi za kulemba. Si kuwerama kamodzi.

Chikondi: Ulendo wa Bakugo ndauona, ndi wolembedwa bwino. Ndikufunsa za ulendo wa Deku. Bala lake analiika kuti? Kapena n'chimodzimodzi ndi zimene a Thokozani akunena, kuti mwanayu ululu wake sauwerengera?

Thokozani: Eya, ndi nthenda yomweyo. Mwana amene wauzidwa zaka khumi kuti ndi wopanda ntchito amakula akuganiza kuti ayenera kugula malo ake padziko ndi magazi ake. Ine ndimaona kuti kudzipereka kwa Deku mbali ina kunabadwa ku nkhanza za Bakugo. Bakugo anazindikira zimenezo, n'chifukwa chake analimbikira kuti akamutenge.

Chikondi: Mukatero ndiye ndikumvako. Komabe ndikanakonda tsamba limodzi lokha loti Deku anene kuti zinandipweteka.

Mabvuto: Pang'ono za dzinalo. Uraraka ndi amene analitembenuza. Atamva koyamba anati kwa iye likumveka ngati mawu olimbikitsa munthu kuti angathe, ndipo Deku analitenga kukhala dzina lake la ungwazi. Ndimakonda kuti chipongwe sanachichotse ndi nkhonya, anachichotsa mnzake ndi mawu amodzi.

Kondwani: Ndibwerere ku funso la a Tadala, chifukwa yankho ndikuliona m'banja la Shimura. Nana Shimura, amene anaphunzitsa All Might, mwamuna wake ataphedwa anapereka mwana wake Kotaro kuti akaleredwe ndi ena, pofuna kumuteteza kwa All For One. Kumeneko ndi kudzimana kwakukulu, palibe angatsutse. Koma Kotaro anakula akudziwa chinthu chimodzi, kuti amayi ake anasankha anthu osawadziwa m'malo mwa iye. Anadana ndi ngwazi, analetsa nkhani za ngwazi m'nyumba mwake, ankalanga mwana wake Tenko akangozitchula. Tenko ameneyo ndiye Shigaraki. Ndiye kuti chigawenga chimene chinagwetsa mizinda ndi mdzukulu wa ngwazi imene inadzipereka kwambiri.

Kota nayenso chimodzimodzi. Makolo ake onse awiri anaphedwa ndi Muscular akuteteza anthu, dziko lonse likuwatama, kamwana katsala kokha kakudabwa kuti anthu akukondwerera chiyani. Horikoshi amabwereza zimenezi dala: wodzipereka amachoka ndi ulemu, ngongole imatsalira amene ali kunyumba.

Ndipo pali china choopsa kuposa pamenepo. Tenko ali ndi zaka 5, banja lake litafa, anayenda m'misewu yodzaza anthu ali ndi magazi m'manja. Palibe anamugwira dzanja. Gogo wina anamuyandikira, atamuona nkhope anabwerera, n'kunena kuti apolisi kapena ngwazi ibwera. All Might anasenza dziko yekha zaka zambiri akumwetulira, mpaka anthu wamba anaiwala kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Aliyense anati ilipo ngwazi. Kudzipereka kwa munthu mmodzi kunalemaza mtundu wonse.

Tadala: Ndipo gogo yemweyo akubweranso pa chaputala 429! Mnyamata wina wathawa m'chipinda chapansi mmene abale ake anamutsekera, akuyenda mumsewu ali ndi mantha ndi mkwiyo, watsala pang'ono kukhala Shigaraki wachiwiri. Gogo uja ulendo uno akumugwira dzanja. Ine pamenepo ndi pamene ndinalira, osati pa nkhonya yomaliza.

Limbani: Zoti munthu mmodzi akasenza zonse ena amalemala, aphunzitsi, zandilasa. Sindinaganizepo kuti mwina ndikuwalanda azing'ono anga mpata wokula.

Mabvuto: Ine dandaulo langa ndi lina. Nkhaniyi imakamba za kudzipereka, koma ana a mbali ya ngwazi akapereka chinthu amabwezeredwa. Mirio anataya Quirk yake poteteza kamtsikana kotchedwa Eri kwa Overhaul, napitiriza kumenya wopanda mphamvu, tsamba lokongola kwambiri. Patsogolo Eri akumubwezera ndi mphamvu yake yobweza thupi mmene linalili kale. Mtima wa Bakugo unaphulika, Edgeshot akudzisandutsa ulusi kuusoka, akudzuka. Manja a Deku anaduka, nyanga ya Eri ikuwabweza. Pamene a mbali inayo akafa afa. Twice anaphedwa ndi Hawks akuyesa kuthandiza anzake. Toga, mtsikana wa zaka 17, anapereka magazi ake onse kwa Uraraka, amene Toga yemweyo anali atamubaya, n'kufa. Shigaraki anafa. Ndiye kudzipereka kwenikweni, kosabwezedwa, anakuchita ndi zigawenga.

Pilirani: Si onse anabwezeredwa. Sir Nighteye anafa. Midnight anafa. Aizawa anadzidula mwendo yekha kuti mankhwala ochotsa Quirk asafalikire, anatayanso diso. Mirko anataya ziwalo. Hawks mapiko anapita. Jiro khutu limodzi linawonongeka.

Mabvuto: Ambiri mwa amenewo ndi akuluakulu, aise. M'kalasi ya 1-A palibe anafa.

Kondwani: Ine ndikuthokoza kuti palibe anafa. Manga imene yatha zaka khumi ikunena kuti ana asamafere zolakwa za akuluakulu, ikanapha mwana kuti ife owerenga timve kukoma, ikanadzitsutsa yokha.

Chikondi: Nanga Toga si mwana, aphunzitsi?

Kondwani: Ndi mwana. Mwandigwira pamenepo, ndilibe yankho labwino.

Thokozani: Za Toga zimandiwawa mpaka lero. Makolo ake atamuona ali kamwana akukopeka ndi magazi anamutcha wosakhala munthu, alangizi anamuphunzitsa kubisa, anavala nkhope yabodza mpaka inasweka. Munthu woyamba kumufunsa kuti afotokoze za moyo wake ndi Uraraka, ali pakati pa nkhondo, mpeni uli m'mimba. Ndipo Uraraka sanachire mumtima. Pambuyo pa nkhondo anabisa chisoni chake akumwetulira, ngati mmene Deku ankachitira, mpaka Deku anamupeza akulira yekha. Atakula ntchito yake inakhala yokonza uphungu wa ana pa nkhani ya Quirk. Mtsikana amene analowa sukulu ya ngwazi poyera kuti akufuna ndalama zothandizira makolo ake, amene kampani yawo ya zomangamanga inkavutika, ndi yemwe anadzafunsa kuti ngwazi zikamavutika amaziteteza ndani. Ndi yemwenso anakwera padenga ndi chimkuzamawu kuchonderera anthu othawa nkhondo amene ankakana kuti Deku alowe mu U.A., kuwauza kuti amuyang'ane bwino, ndi mwana wa sukulu wotopa, amulole apume.

Tadala: Kwa ine ngwazi ya manga imeneyi ndi Uraraka, ndanena.

Chikondi: Atsikana otere ku Japan anayamba kale. Sailor Moon ya Naoko Takeuchi inayamba kutuluka m'magazini ya Nakayoshi kumapeto kwa 1991. Usagi ali ndi zaka 14, ndi wolira msanga, wamantha, sukulu imamuvuta, ndipo sabisa kuti popanda anzake sangathe. Zimene Deku anatenga machaputala 300 kuti aphunzire, Usagi anayamba nazo. Mwina chifukwa manga za atsikana sizinkachita manyazi ndi munthu wopempha thandizo.

Pilirani: Chabwino, nanga mathero? Ine ndiye anandikhumudwitsa. Mwana wapulumutsa dziko, wapereka One For All yonse kuti afike kwa Tenko mkati mwa Shigaraki, mphamvu yazima pang'onopang'ono, ndipo patatha zaka 8 tikumupeza ali mphunzitsi chabe pa U.A., anzake ali otchuka, nthawi yokumana ikusowa. Zinandiwawa.

Kondwani: A Pilirani, mawu oti "chabe" amenewo achotseni. Mwana amene kuyambira ali wamng'ono ankadzaza makope ndi notsi za mphamvu za anthu ena, amene anaona mwa Todoroki, mwa Kota, mwa Eri chimene akuluakulu sanaone, mukanafuna agwire ntchito yanji? Ine ndili ndi zaka 17 ndikuphunzitsa. Ndikudziwa ana amene akanakhala kundende kapena kumanda pakanapanda mphunzitsi mmodzi kuwaitana pambali. Tenko ankasowa munthu wotero.

Pilirani: Pepani aphunzitsi, sindinafune kunyoza ntchito yanu. Chimene ndimatanthauza n'choti loto lake linali lina.

Tadala: Ndipo loto lakelo analibwezeredwa, koma taonani njira yake. Poyamba mphamvu anailandira kwa munthu mmodzi, mwachinsinsi, atameza tsitsi la All Might, ndipo inali mphamvu yomuphwanya mafupa, imene inafupikitsa moyo wa wachinayi kuigwira mpaka anafa ndi ukalamba ali ndi zaka 40. Kumapeto akulandira suti yankhondo imene anzake a m'kalasi anasonkherana ndalama zaka zonsezo, Bakugo ali patsogolo. Yoyamba inali mtolo wa munthu mmodzi. Yachiwiri ndi chipereganyu cha anthu 19. Ndipo Deku anailandira. Mwana amene anakana kabokosi ka chakudya mumvula uja analola kuti anzake amuchitire chinthu.

Chikondi: Apo pokha ndikuvomera. Koma za Toga ndi za tsamba limene Deku sananene kuti zinamupweteka, ndikadali pomwepo.

Limbani: Ndamutumizira uthenga wachiwiri wanga kuti Lamlungu tiyankhule awiriwiri, amayi asakhalepo. Ndimuuza za miyezi inayi ija. Sindikudziwa kuti ndiyamba bwanji.

Thokozani: Yambani ndi tsiku limene ntchito inatha, zinazo zibwera zokha. Mudzatiuze mmene zayendera.

Mabvuto: Amene akufuna kubwereza, pa Manga Plus ya Shueisha machaputala atatu oyamba amakhala aulere. Muwerengenso chaputala 1 mutadziwa mathero, muyang'ane nkhope ya Bakugo ali m'matope muja.

Fatsani: Ndabwera, sindinawerenge zimene mwalemba pamwambapa. Ndangomaliza nkhondo ya Deku ndi Todoroki. Abale, mwanayu wathyola zala zake chimodzichimodzi, zina kuzithyola kawiri, akukalipira mnzake kuti motowo ndi wake osati wa bambo ake. Todoroki wayatsa moto, Deku waluza mpikisano, dzanja lachita kupangidwa opaleshoni. Ndiye kuti wadzipweteka chonchi kuti athandize munthu amene akulimbana naye? Palibe womuletsa mwana ameneyu?

Thokozani: Alipo, koma achedwa kufika. Pitirizani, mukafika pa kamwana kotchedwa Kota mudzabwerenso tidzakambirane.